Mashini a Amayi m'Chifuwa cha Kakowa

Telala anali asanatsitse phazi lachiwiri m'basi pamene anaona mng'ono wake ataima pageti la munda wa mitengo, chikwama chili m'khwapa, nsapato zoyera za kuchipatala zili kuphazi. Anacheukira bambo ake amene ankatsika pang'onopang'ono kumbuyo kwake, dzanja limodzi pachitseko, lina pandodo.

"Bambo, simunandiuze kuti uyunso abwera."

"Ndikanakuuza ukanabwera?"

"Ayi."

"Ndiye wadziyankha wekha. Ndigwire mkono, basi ikufuna kunyamuka."

Mng'ono wakeyo, amene aliyense ankangomutchula kuti Namwino, nayenso anadzidzimuka, kapena ananamizira kudzidzimuka. Telala sanathe kusiyanitsa. Namwino anapereka moni kwa bambo awo ndi manja awiri, kenaka anayang'ana mpanda n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, achemwali."

"Tadzuka."

Amenewo anali mawu oyamba amene awiriwa analankhulana m'zaka zitatu.

Chinawadanitsa chinali mashini osokera. Amayi awo anawasiya mashiniwo pabalaza, pansi pa windo, pamene anakhala zaka zoposa makumi atatu. Maliro atangotha, ana awiriwo anayamba kukanganirana. Telala ankati ndi ake chifukwa ndiye anaphunzirirapo kusoka ali ndi zaka khumi, ndipo ntchito yake ndi yomweyo. Namwino ankati amayi ali chigonere kuchipatala anamuuza iye ndi pakamwa pawo kuti awatenge, popeza mkulu wake anali kale ndi mashini awiri kushopu. Anakangana masiku anayi, m'mawa ndi madzulo, bambo awo atangokhala pampando ali duu. Tsiku lachisanu mutu wa mashiniwo unasowa. Panatsala tebulo lokha ndi chopondera chake, pakati pali bowo ngati m'kamwa mozuka dzino. Chitseko sichinathyoledwe. Makiyi a nyumbayo anali ndi anthu atatu basi, bambo ndi ana awo awiriwo. Telala anaimirira pamaso pa abale amene anali asanabalalike, analoza mng'ono wake chala n'kumutchula kuti wakuba. Namwino anayankha kuti wodziwa kogulitsa mashini ndi telala, osati namwino. Kuyambira pamenepo anagawana masiku okaona bambo awo kuti asamakumane pakhomo.

Tsono lero n'chiyani? Galu wamkota sakandira pachabe. Bambo awo anali kalipentala wopuma pantchito, munthu amene moyo wake wonse ankaona mtengo ngati matabwa oimirira. Sakanangodzuka n'kulakalaka kukaona masamba. Komabe sabata yonse anakhala akuimba foni kushopu, akuti, "Undiperekeze Loweruka kumunda wa mitengo yachilengedwe uja, kuli ndi nyumba ya zaluso, ndikufuna uone."

Pageti, mlonda wovala malaya obiriwira atangowaona anamwetulira mpaka m'makutu.

"Agogo! Mwabweranso? Komatu lero si Lachiwiri."

Bambowo anatsokomola, anakweza chipewa pang'ono, n'kudutsa mofulumira kuposa mmene miyendo yawo inkalolera. Telala anayang'ana mlondayo, kenaka anayang'ana mng'ono wake. Namwino anali akufunafuna chinachake m'chikwama.

"Mumabwera kuno Lachiwiri lililonse, Bambo?"

"Nthawi zina."

"Ndi ndani?"

"Ndi ndodo yangayi."

Lachiwiri linali limodzi mwa masiku a Namwino. Telala anasunga zimenezo mumtima.

Njira ya m'mundamo inali yothira timiyala tolira pansi pa nsapato. Uku ndi uku kunali udzu wautali wamitundumitundu, zitsamba zaminga, ndi mitengo ikuluikulu, uliwonse uli ndi kachitsulo kolembedwa dzina patsinde pake. Kunkanunkhira masamba onyowa. Patsogolo panali dziwe laling'ono momwe achule ankalira ngakhale dzuwa linali litakwera kale. Anthu ena ankajambulana zithunzi, ena ankawerama kuwerenga timachitsulo tija ngati akuwerenga zotsatira za mayeso.

"Ndiye tayenda ulendo wonsewu kudzaona tchire?" anatero Telala. "Tchire lotchinga ndi mpanda?"

"Si tchire wamba," anayankha bambowo. "Zonse ukuonazi n'zimene zinkamera kuno anthu asanamange nyumba. Palibe chochokera kwina. Uwu ndi mbawa." Anasisita khungwa lake ndi chikhatho. "Abale ake ndinawadula ambiri ine. Ukanakhala ndi pakamwa, bwenzi utandilavulira."

Namwino anaseka kamodzi, n'kudziletsa. Telala sanaseke. Ankawerenga nkhope za awiriwo monga amawerengera nsalu ya kasitomala kufuna pamene pabisika bowo. Mwina nyumba. Inde, mwina bambo asainira kale mapepala a nyumba kwa mng'ono wakeyo, ndipo amubweretsa kuno, pagulu, kuti akamuuza asathe kukuwa. Kapena ndi matenda. Namwino ndi wa kuchipatala, akhoza kukhala kuti akudziwa chinthu chimene iye sakudziwa. Anayang'ana khosi la bambo ake: kolala ya malaya amene anawasokera chaka chatha inali itayamba kukhwepa. Kapenanso ndi mkazi. Munthu wamwamuna akayamba kudzola mafuta Lachiwiri lililonse n'kumakaona maluwa, duwa lenileni limakhala la miyendo iwiri.

Bambowo atatsogola pang'ono, Telala analankhula osatembenuza mutu.

"Mwapangana chiyani?"

"Ndani?"

"Iwe ndi bambo. Usandiyese mwana. Nkhanga zinapangana kusanapse."

"Achemwali, ine ndachokera kuntchito, ndipo masana ndibwereranso. Anandiuza kuti tikhala awiri, ine ndi iwo. Ndimaganiza kuti ndinu mwawatuma."

"Nanga Lachiwiri amabwera ndi ndani?"

"Lachiwiri ine ndimafika madzulo. Ndimawapeza ali pakhonde."

Telala anati mumtima, wakuba sasowa yankho. Koma mawu a mng'ono wakeyo anali otopa, osati ochenjera, ndipo zimenezo zinamusokoneza.

Nyumba ya zaluso inali kumapeto kwa njirayo, yamakoma oyera ndi mawindo akuluakulu ofika mpaka kudenga. Bambowo atafika pamasitepe anaima, anavula chipewa, anachivalanso. Anati akufuna aone kaye duwa lina kumbali. Kenaka anati ayi, tiyeni. Pakhomo anapukuta nsapato kanthawi kotalika ngati akulowa m'nyumba ya apongozi.

M'kati munali mozizira. Chikwangwani cha pakhoma chinkafotokoza kuti chilichonse cha m'chipindamo chinapangidwa ndi zinyalala zovuulidwa mumtsinje wodutsa m'tauni. Panali nsomba yaitali kuposa munthu, mamba ake ali zitsekerero za mabotolo zikwizikwi. Panali mtengo wopangidwa ndi mawaya, masamba ake ali mapatapata akutha amitundumitundu. Kudenga kunkalendewera ukonde wodzaza ndi majumbo, ukugwedezeka pang'ono ndi mphepo ya pakhomo.

"Ifeyo zinyalala timataya, anzathu amaziika m'nyumba yapenti," anatero Telala. "Dziko ili."

Bambowo anali atakhala pabenchi yapakati pa chipindacho, ndodo pakati pa mawondo, maso pansi.

Kutsogolo kwa benchiyo kunaima kakowa wa zitsulo, wamtali kuposa chitseko. Miyendo yake inali mapaipi, khosi lake tcheni cha njinga chowotcherera, mapiko ake malata odulidwa ngati nthenga. Anaima ndi mwendo umodzi, mutu atauweramitsa ngati akuyang'ana m'madzi. Telala anaona kuti ameneyu yekha ndiye anapangidwa ndi munthu wa manja abwino, ndipo anayandikira kuti aone mmene nthengazo anazilumikizira. Apo m'pamene anaona cha m'chifuwa.

Pakati pa nthiti za mawaya, pamene pamayenera kukhala mtima, panali mutu wa mashini osokera. Penti yakuda inali itasupuka, maluwa agolide a m'mbali anangotsala pang'ono, dzimbiri linali litadya pansi. Mashini otere alipo ambiri, iye mwini anakonzapo ambiri. Koma pamwamba, pamene pamakhala kachitsulo koikapo ulusi, panali msomali wa mainchesi anayi wodula mutu. Ndipo pa wilo la kudzanja panali pobenthuka, kampata kolowa nsonga ya chala.

Telala analowetsa chala pa kampatako. Chinakwana monga chinkakwanira kale.

"Mayi, sitigwira!" anakuwa mlonda wa m'chipindamo.

"Iwe," anatero Telala, mawu ali pansipansi. "Tabwera kuno."

Namwino anabwera, anayang'ana, ndipo anagwira pakamwa. Wilo limenelo anabenthula ndi iyeyo ali wamng'ono, tsiku limene anakoka nsalu ya patebulo n'kugwetsa mutuwo pa simenti. Msomaliwo anakhomera ndi bambo awo kachitsulo kake katathyoka.

"Ndi a amayi," anatero Namwino.

"Eya, ndi a amayi. Unagulitsa kwa a zitsulo zakutha eti? Mashini a mayi wako, unapereka kwa ogula dzimbiri?"

"Ine? Achemwali, mwayambanso?"

"Sindinasiye. Mlandu suola. Ndiye mwandibweretsa kuno kuti ndione pamene anathera, ndikhululuke pamaso pa anthu?"

"Mukanakhala kuti simukudziwa kanthu, mukanalunjika pa mbalame imeneyi? Zinthu zonse zili munozi, inu mwangofikira pomwepa ngati munthu wodziwa pamene anakwirira!"

Mawu anali atakwera. Banja lina limene linkajambula nsomba ija linatsitsa foni n'kuyamba kuwaonerera iwo. Mlonda anafika, manja ali m'mwamba.

"Amayi, amayi, pepani. Muno ndi moonera zinthu, si pamsika."

"Ndiye taonani," anatero Telala, akuloza m'chifuwa cha kakowayo. "Ichi ndi chakuba. Chinabedwa m'nyumba ya bambo anga. Wapanga mbalameyi ndani? Muitaneni andiuze anagula kwa yani."

"Sagula kanthu, mayi. Zonse n'za mumtsinje. Werengani pakhomapo."

"Pakhoma munthu akhoza kulemba chilichonse. Muitaneni."

Mmisiriyo sanachedwe. Malo ake ogwirira ntchito anali kuseri kwa nyumba yomweyo. Anali mayi wamfupi wamapewa aakulu, wovala ovolosi yobooka ndi tizilonda ta moto, magalasi akuda owotcherera ali pamphumi. Anamvetsera mlondayo akufotokoza, akupukuta manja ndi kansanza, ndipo sanaoneke wokwiya.

"Si inu oyamba," anatero. "Mwezi watha bambo wina anazindikira geti lake m'mchira wa ng'ona. Ndi anu mashiniwa?"

"A malemu amayi athu. Anakugulitsani ndi uyu?"

"Amayi awa ndikuwaona lero. Dikirani."

Anatulutsa foni m'thumba la pachifuwa n'kuyamba kutsetsereza chala. Anafotokoza kuti chaka chilichonse madzi akaphwa, iye ndi anzake amalowa mumtsinje ndi nsapato zamphira ndi makasu, ndipo chilichonse chachikulu amachijambula chili pomwe achipeza, asanachinyamule. Anatembenuzira foniyo kwa iwo. Pachithunzipo panali matope akuda, mzati wa mlatho, ndi thumba lotuwa lokwiririka theka.

"Chaka chathachi, pansi pa mlatho waung'ono wa kufupi ndi kochekera matabwa."

Telala ndi Namwino anayang'anana, kenaka aliyense anabweza maso msanga. Mlathowo unali pafupi ndi kwawo, ulendo wosatuluka nawo thukuta.

"Ndiye wakubayo anachita mantha n'kutaya," anatero Telala. "Ataona kuti tamuzindikira."

"Mwina," anatero mmisiriyo. "Koma ine ndavuula zinthu zambiri zotayidwa ndi akuba, ndipo wakuba amangoponya. Taonani ichi."

Anasonyeza chithunzi china. Thumba linali litatsegulidwa. M'kati mwake mutu wa mashiniwo unali wokulungidwa m'chinsalu chokhuthala cha khaki, chomangidwa ndi chingwe mopingasa, mfundo zake zili mumzere.

"Anaupaka girisi paliponse, mpaka m'kati mwa bobini. N'chifukwa chake sunawole wonse. Ndinadabwa. Munthu akutaya chinthu m'madzi, koma akuchiteteza kuti madzi asachilowe. Ndipo chinsalu chimenechi chinali epuloni. Onani thumba lake lapatsogolo, lalitali, loikamo pensulo ndi rula."

Telala anatenga foniyo n'kuikulitsa ndi zala ziwiri. Thumba la epuloniyo linali losokedwa mizere iwiri, ndipo pakona panali kamtanda ka ulusi kolimbitsira. Ankasoka choncho ndi amayi awo okha, ndipo anamuphunzitsanso iyeyo. Anabweza foniyo kwa mwini wake.

"Mwina agogo aja angadziwe," anapitiriza mmisiriyo. "Amabwera Lachiwiri lililonse n'kukhala pabenchi iyi ola lathunthu, osayang'ana china chilichonse koma mbalameyi. Tsiku lina anandifunsa ngati wilo lake limazungulirabe. Lero ndawaona akulowa. Simunabwere nawo limodzi?"

Onse anacheuka. Pabenchi panalibe munthu.

Anawapeza kuseri kwa dziwe, pansi pa mkuyu waukulu, atakhala pachitsa chimene anachisema ngati mpando. Chipewa chinali pabondo. Sanadzutse mutu atamva timiyala tikulira.

Ana awiriwo anaima patsogolo pawo, wina uku wina uku, mpata wa munthu mmodzi uli pakati.

"Epuloni yanu ya khaki ija ili kuti, Bambo?" anafunsa Telala.

"Mwaiona kale."

"Ndikufuna ndimve m'kamwa mwanu."

Bambowo anatembenuza chipewacho kangapo.

"Ndine. Ndinanyamula ine. Kutangoyamba kucha, inu muli m'tulo. Ndinamasula pa tebulo, ndinaika pa wilibala, ndinaphimba ndi utuchi."

Namwino anakhala pansi pa udzu pomwepo, osasamala diresi lake.

"Chifukwa chiyani?"

"Mayi anu anali atagona m'manda masiku anayi okha. Dothi lisanaume. Ine ndinkafuna kumva dzina lawo m'nyumba muja, koma ndinkangomva mashini, mashini, mashini. Tsiku lachinayi munawagwira, wina mbali iyi wina mbali iyo, mukukokana, tebulo likulira pa simenti. Mukukumbukira?"

Bambowo anasisita chipewa chili pabondo n'kupitiriza.

"Ndinati mumtima, fupa likachoka agalu asiya kulumana. Pepani kukufanizirani choncho, koma ndi mmene ndinaganizira. Ndinati akadzuka n'kupeza palibe, adzalira limodzi, adzatukwana akuba limodzi, zidzathera pompo. Sindinaganize za chitseko. Kalipentala wathunthu, sindinaganize zothyola ngakhale loko." Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. "Pamlatho paja ndinaima nthawi yaitali. Ndinalephera kuwaponya amaliseche. Mayi anu ankawapukuta tsiku lililonse."

"Chabwino, munataya," anatero Telala. "Munali ndi chisoni, mutu sunkagwira. Zimenezo ndikhoza kumva. Koma munali pomwepo, Bambo. Munakhala pampando wanu ine ndikumuloza uyu chala. Munamva chimene ndinamutchula. Bwanji simunatsegule pakamwa?"

"Ndinati ndinena madzulo, abale akachoka. Madzulo ndinati mawa. Mawa lake iwe unali utapita. Kenaka sabata, kenaka mwezi. Bodza likakhalitsa limamera mizu ngati mtengo uwu. Ndipo..." anayang'ana pansi. "Ndinkaopa. Ndinali nditataya mkazi. Ndinaona kuti mukadana awiri, aliyense amabwerabe kwa ine pa tsiku lake. Ndikanena, mwina nonse musiya kubwera."

"Ndiye munasankha kuti tidane ife kuti inu musasowe wokuphikirani," anatero Namwino. Sanakuwe. Misozi inkangotsika yokha.

"Ndi mmene zilili, mwana wanga. Sindingazikometse."

Anafotokoza kuti miyezi isanu yapitayo mnzawo wina wakale anawakokera kumundako kudzaona mitengo. Analowa m'nyumba ija kuthawa dzuwa basi, n'kukumana ndi msomali wawo womwe uli m'chifuwa cha mbalame. Tsiku limenelo anafika kunyumba osadziwa kuti ayenda bwanji.

"Madzi saiwala khwawa," anatero. "Ndinataya mumtsinje, mtsinje wabweza, n'kuika pamalo oti tauni yonse ione. Lachiwiri lililonse ndimabwera kudzayeserera mawu oti ndikuuzeni. Ndikafika kunyumba mawu aja athawa. Ndiye ndinati bola ndiwabweretse, maso awo aone okha. Mundikhululukire, ana anga."

"Osati lero," anatero Telala.

Bambowo anagwedeza mutu ngati munthu amene amayembekezera zomwezo.

Telala anatembenukira kwa mng'ono wake. Anafuna kunena kuti waona, tonse anatipusitsa, tonse ndife olakwiridwa. Anatambasula dzanja kuti amudzutse pa udzupo. Namwino analiyang'ana dzanjalo, n'kudzuka yekha.

"Musafulumire, achemwali," anatero, akukutumula udzu pa diresi. "Mashini anataya ndi bambo. Koma wakuba munanena ndinu."

"Iwenso unanena kuti ndagulitsa ine."

"Ndinanena, ndipo ndinalakwa. Koma ine ndinayankha, inu munayamba, ndipo munaimirira kuti aliyense amve. Mukudziwa kuti mpaka lero ndikalowa m'nyumba ya wachibale, amachotsa foni patebulo? Amachita mwakachetechete, akumwetulira, koma ndimaona. Alamu anga anandifunsapo ngati nkhani ija inali yoona. Ana anga anaimva kwa asuweni awo. Zaka zitatu, achemwali. Ine ndimasunga makiyi a kabati ya mankhwala kuntchito, koma kwa abale anga sandisiya ndekha pabalaza."

Telala anaweramitsa mutu. Zimenezi sankazidziwa. Kapena ankazidziwa, ndipo zinkamukomera.

"Pepa," anatero potsiriza.

"Pepa wa pansi pa mtengo, womva achule okha? Mawu aja sananenedwe pansi pa mtengo."

Mmisiri uja anatulukira m'njira, atanyamula makapu atatu a madzi pa kathabwa. Anaona nkhope zawo ndipo sanafunse kanthu. Anapereka madziwo, kuyambira kwa bambowo.

"Ngati mashiniwo mukuwafuna, ndi anu," anatero. "Ndikhoza kudula nthiti ziwiri n'kuwatulutsa lero lomwe. Kusoka sangasokenso, m'kati munalowa mchenga. Koma ndi anu."

Telala anayang'ana mng'ono wake. Kwa nthawi yoyamba anadikira kuti iye ayambe kulankhula.

"Ine m'nyumba mwanga sindiwafuna," anatero Namwino. "Ndingamawaone n'kumakumbukira zina."

"Asiyeni momwemo," anatero Telala. "Mwawaika pabwino. Kungoti pa wilo paja muzidonthezapo mafuta nthawi zina."

Mmisiriyo anavomera, anatolera makapu, n'kubwerera kuntchito yake.

Namwino anayang'ana wotchi. Anati nthawi ya kuntchito yakwana. Anawerama, anakonza kolala ya bambo ake imene inapindika, anawafunsa ngati amwa mapiritsi a m'mawa, koma sanawayang'ane m'maso. Kwa mkulu wake anangoti, "Muwafikitse," ndipo anatsika njira ya timiyala yekha, chikwama chili m'khwapa, osacheuka.

Otsalawo nawonso anayamba ulendo wobwerera. M'basi bambowo anakhala kuwindo, Telala pambali pawo. Basi itafika pa mlatho waung'ono uja, onse awiri anayang'ana kutsogolo. Atatsika, anayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo. Telala anatsegula chitseko ndi kiyi wake, anawakhazika pampando, anawavula nsapato chifukwa mapazi anali atatupa, n'kuika madzi pamoto.

"Ndiziimba ine mafoni," anatero bambowo ali pabalaza. "Tsamba likagwa manyazi amagwira mtengo. Ndiwaitane onse amene analipo, ndinene ndekha."

"Mudzanena zanu, ndipo mudzanena mutaimirira. Koma kuitana ndiitana ine."

Anatuluka pakhonde ndi foni m'manja. Anaima kanthawi akuyang'ana mayina. Anayambira kwa azakhali awo, mlongo wa bambowo, amene pakamwa pawo nkhani sinkagona, ndipo ndiwo anaifalitsa kwambiri nthawi ija. Foni inalira kanayi.

"Azakhali, ndine. Ayi, bambo ali bwino, musadandaule. Lamlungu masana mubwere kuno kunyumba. Muuzenso amalume ndi onse amene analipo sabata ya maliro a amayi." Anamvetsera pang'ono. "Ayi, si za nyumba. Pali mawu amene ndinanena pamaso panu okhudza mng'ono wanga. Ndikufuna ndiwabweze pamaso panu pomwepo."

Azakhaliwo anayamba kufunsa mafunso motsatizana. Telala anati adzamva Lamlungu, anadula foniyo, n'kufufuza nambala yotsatira.